Thiraki Yosanduka Loboti: Bwanji Ina Imalimba, Ina Imathothoka Mkono Tsiku Lomwelo?

Amene mumakhala ku Mwanza simufunika kuuzidwa mmene thiraki imaonekera. Mukangotsata msewu wa M6 kulowera kumalire, mumawapeza mathiraki ali ndondondo, ena akudikira mapepala kuti awolokere ku Zóbuè ndi ku Tete, ena angolowa kumene ndi katundu wochokera ku Beira kapena ku Johannesburg. Lero tikamba za thiraki ina, yokwana m'manja: chidole cha pulasitiki chija chimene ukachipinda apa, kuchitembenuza apo, chimasanduka loboti ya mutu, manja ndi miyendo.

Khirisimasi yapitayi ndinagulira mwana wa achemwali anga chidole choterocho pabenchi ina pamsika. Chinali chowala bwino, chofiira ndi buluu. Tinachisandutsa koyamba, zinayenda. Kachiwiri, mwendo unayamba kulendewera. Nsima yamadzulo isanapse, mnyamatayo anabwera atanyamula thiraki kudzanja lina, kachidutswa kudzanja lina: "Amalume, mkono wagwa." Ndalama inandipweteka, osanama. Koma nditatenga mkonowo n'kuyang'ana pamene panathyokapo, ndinapeza kuti theka la Physics imene mumaphunzira ku Fomu 3 ndi Fomu 4 ili pomwepo.

Chidole chinabadwa kaye, nthano inabwera pambuyo

Zidole zimenezi zinachokera ku Japan. Kampani ya Takara inatulutsa zidole zotchedwa Diaclone mu 1980, ndipo pofika 1982 m'gulu limeneli munalowa timagalimoto tosanduka maloboti. Mu 1983 anawonjezera gulu lina, Micro Change, la zinthu monga wailesi ya kaseti, kamera ndi mfuti, nazonso zosanduka maloboti. Kampani ya ku America ya Hasbro inagwirizana ndi Takara, n'kuphatikiza magulu awiriwo pansi pa dzina limodzi, Transformers, mu 1984. Makatuni ndi mabuku a zithunzi anapangidwa kuti zidolezo zigulidwe, ndipo filimu ya Michael Bay imene ambiri munaonera m'nyumba za vidiyo inadzatuluka mu 2007. Mtsogoleri wa maloboti abwino, Optimus Prime, amene ku Japan amamutchula Convoy, poyamba anali thiraki yofiira ya mutu wopanda mphuno, yokoka ngolo, yofanana ndithu ndi ena mwa mathiraki a pamalire.

Zoti chidole ndicho chinayamba n'zofunika. Wojambula katuni amatha kunama, wopanga chidole sangathe. Mu katuni ya m'ma 1980, Optimus Prime akamasanduka loboti ngolo yake inkangobwerera m'mbuyo n'kuzimiririka, osadziwika kumene yapita. Tayesani kuuza a MRA pamalire kuti ngolo yanu yazimiririka muone! Mdani wake Megatron, chiloboti chachitali kuposa nyumba, ankasanduka mfuti yoti mnzake n'kuigwira m'manja. Inu mukudziwa kuti zimenezi sizingatheke: mass siyingosowa ayi. Mukaika chidole pasikelo chili thiraki, n'kuchiikanso chili loboti, sikelo iwerenga chimodzimodzi. Ndiye matayala, mawindo ndi bampala ziyenera kupeza pokhala pathupi la loboti, ndipo mutu, manja ndi mapazi ziyenera kupeza pobisala m'kati mwa thiraki. Ntchito yonse ya wopanga ili pamenepo: zidutswa zomwezomwezo, maonekedwe awiri, ndi njira yochokera kwina kupita kwina popanda zidutswa kugundana.

Njira imeneyo imadutsa m'malo olumikizira.

Bondo, phewa ndi chitseko

Ku Biology munaphunzira kuti chigongono ndi bondo ndi ma hinge joint, pamene phewa ndi pamene ntchafu imalowa m'chiuno ndi ma ball and socket joint. Akatswiri a makina amawerenga kuti cholumikizira chilichonse chimalola kuyenda m'njira zingati. Hinji, monga ya pachitseko, imalola njira imodzi: kutseka ndi kutsegula, basi. Kampira kolowa m'kabowo kamalola njira zitatu: mkono upite kutsogolo ndi kumbuyo, upite cham'mbali, komanso upotoke. Palinso chotsetsereka, monga dilowa ya tebulo la aphunzitsi, chimene chimalola mwendo wa loboti kutalika ukaukoka. Chidole chosavuta chimakhala ndi zolumikizira zowerengeka, ndipo chimasanduka ukangochipinda kangapo. Za anthu akuluakulu osonkhanitsa zidole, monga gulu la Masterpiece limene Takara inayamba mu 2003, zimafuna masitepe makumi angapo, ndipo munthu amakhala pansi ndi kapepala ka malangizo ngati akulemba mayeso.

Tsopano funso: n'chiyani chimagwira mkono wa loboti kuti ukhale m'mwamba pamene mwausiya? Inu muli ndi minofu. Chidole chilibe. Chimene chimaugwira ndi friction, mphamvu ija imene imabwera zinthu ziwiri zikamakhulana, pakati pa kampira ndi kabowo kake.

Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti loboti yagwira mfuti yolemera magalamu 20, ndipo kuchoka paphewa kufika pamfutiyo pali masentimita 6, mkono utatambasulidwa. Magalamu 20 ndi makilogalamu 0.02, ndiye kulemera kwake ndi pafupifupi 0.2 N. Moment yake paphewa ndi 0.2 N kuchulukitsa ndi 0.06 m, zomwe zikutipatsa 0.012 Nm. Friction ya paphewa ikalephera kufika pamenepo, mkono ugwa. Mukaipatsa mfuti yolemera chimodzimodzi koma yaitali, yoti pakati pa kulemera kwake pali masentimita 12 kuchoka paphewa, moment iwirikiza kawiri ngakhale simunawonjezere galamu ndi imodzi yomwe. N'chifukwa chake ndowa yamadzi mumainyamula pafupi ndi thupi, osati mutatambasula mkono.

Taonani kusiyana kwake ndi thiraki yeniyeni. Tsiku lina mukaona mutu wa thiraki utamasulidwa ku ngolo, yang'anani kumbuyo kwake, mutaima patali bwino. Pali chimbale chachitsulo chokhala ndi mpata, chimene madalaivala amachitcha fifth wheel. Pansi pa ngolo pali chipini chonenepa pafupifupi masentimita 5, king pin, chimene chimalowa mumpatawo n'kukiyidwa. Matani onse aja amakokedwa kudzera pa chipini chimodzicho. Chimbalecho amachipaka girisi wambiri, chifukwa pamenepo friction ndi mdani: ngolo iyenera kukhota momasuka pakona. Pachidole zinthu zatembenuka. Mukapaka mafuta paphewa la loboti mwaipha. Wopanga amafuna friction yokwanira kugwira mkono, koma yosapitirira mpaka mwana kuthyola chidutswa pochikakamiza.

Pamene pakufunika mphamvu yambiri, monga m'chiuno ndi m'mawondo a zidole zikuluzikulu, friction yokha siyikwana. Amaikapo timano ndi kasipuling'i, ndipo ukamapinda umamva kuti ke-ke-ke. Ndi m'bale wake wa chipangizo chija chimene madalaivala amakungira malamba omangira katundu, komanso chimene chimalira kutayala lakumbuyo kwa njinga ya kabaza ikamatsika mtunda. Kusiyana kwake n'koti za malamba ndi njinga zimalola mbali imodzi yokha, pamene mano a pachidole ndi opendekeka mbali zonse kuti bondo lipindike ndi kuwongoka. Ena anapitirira pamenepo: mu 2021 kampani ya Robosen, mogwirizana ndi Hasbro, inatulutsa Optimus Prime wosanduka yekha ukamulamula ndi mawu, wokhala ndi timamota 27 m'malo olumikizira. Mtengo wake tisaukambe, tingakomoke.

Chikombole ndicho mwini nkhani

Aliyense anaonapo anthu akuumba njerwa. Umaponya dothi m'chikombole, kulisalaza, kukhuthula. Njerwa ikamauma imachepa pang'ono, ndipo woumba wanzeru amadziwa zimenezi, chikombole chake amachikulitsa pang'ono. Zidutswa za chidole zimapangidwa mofananamo, kungoti chikombole chake ndi chachitsulo, cha mbali ziwiri zotsekana. Pulasitiki amamusungunula pa madigiri opitirira 200, makina n'kumukankhira m'chikombolemo ndi mphamvu yaikulu, akazizira chikombole chimatseguka, chidutswa n'kugwa. Kamzere kamene mumakaona m'mbali mwa ndowa kapena kapu ya pulasitiki ndi pamene mbali ziwirizo zinakumana.

Pulasitiki nayenso amachepa akamazizira. Mtundu umene umagwiritsidwa ntchito kwambiri pa zidole zolimba, ABS, umene ndi womwewo wa timanjerwa ta LEGO, umachepa ndi pafupifupi theka la 1 peresenti. Chidutswa cha masentimita 10 chichepa ndi pafupifupi theka la milimita. Muziti n'zochepa? Pa njerwa palibe amene angadandaule, matope omangira amakwirira zonse. Pa cholumikizira cha chidole ndi tsoka. Pepala la m'kope lanu ndi lokhuthala pafupifupi 0.1 mm. Kapini ka mamilimita 3 kakalowa m'bowo loposa muyeso ndi pepala limodzi lokhalo, mkono uzingolendewera ngati wa munthu wogona. Bowo likachepa ndi muyeso womwewo, kapiniko kalikankha mpaka kuling'amba. Malire a kulakwitsa amene wopanga amalola amatchedwa tolerance, ndipo kuti akhale aang'ono pamafunika chikombole chosemedwa mosamala, makina osunga kutentha kofanana, ndi anthu oyesa zidutswa zikamatuluka. Zonsezi ndi ndalama. Mukagula chidole chabwino, gawo lalikulu la mtengo wake si pulasitikiyo ayi, ndi kulondola kwa miyeso.

Apa ndipamene zidole zokopera zimagwera. Ena amati "za ku China sizilimba," koma mawu amenewa ndi aulesi, chifukwa zenizeni zambiri zimapangidwanso ku China ndi ku Vietnam. Nkhani ndi ya chikombole. Wokopera amatenga chidole chopangidwa kale, kuchiphwasula, n'kuyeza zidutswa zake kuti aseme chikombole chake. Koma zidutswazo zinachepa kale pozizira, ndipo zake zidzachepanso. Kulakwitsa kwa poyeza kumawonjezera pa kulakwitsa kumene kunalipo. Zili ngati fotokope ya fotokope ya pepala lakale la mayeso: pofika kwa munthu wachisanu, 3 ndi 8 sizisiyananso.

Palinso nkhani ya mtundu wa pulasitiki. Chidole chopangidwa bwino sichikhala cha mtundu umodzi. Thupi limakhala la ABS, chifukwa ndi wolimba ndipo amagwira penti. M'malo okhulana amakonda kuikamo POM kapena nayiloni, amene sapereseka msanga ndipo amapindika pang'ono osathyoka. Tinyanga ndi timalupanga tosongoka timakhala ta pulasitiki wofewa kuti tisalase mwana. Mahinji onyamula katundu amapyozedwa ndi kapini kachitsulo. Zidole zambiri za mu 1984 zinalinso ndi zidutswa za zinki wosungunula, n'chifukwa chake zinkalemera m'manja. Wofuna kuchepetsa mtengo amangothira pulasitiki mmodzi paliponse, wopyapyala, nthawi zina wosakaniza ndi zotsalira.

Nditayang'ana mkono wa chidole cha mwana uja, ndinaona zinthu ziwiri. Choyamba, pafupi ndi pothyokapo pulasitiki wofiira anali atayera. Kuyera kumeneko ndi timing'alu tating'ono kwambiri m'kati mwa pulasitiki, timene timamwaza kuwala. Mukapinda chivindikiro cha bolopeni mudzakuona. Ndi chenjezo lakuti malowo atopa. Chachiwiri, mng'alu unayambira pakona yakuthwa, pamene kampira ka phewa kamalumikizana ndi thupi. Mphamvu zimaunjikana pamakona akuthwa. N'chifukwa chake paketi ya mabisiketi imang'ambika mosavuta pa timano ta m'mphepete, ndipo n'chifukwa chakenso mawindo a ndege ndi ozungulira m'makona: ngozi za ndege za de Havilland Comet mu 1954 zinaphunzitsa akatswiri kuti ming'alu imayambira pamakona a mabowo a m'thupi la ndege. Wopanga chidole changa akanangozunguliza kona imeneyo pang'ono, mwina mkono ukanaona Chaka Chatsopano.

Ngakhale makampani aakulu zinawaonekerapo. Osonkhanitsa zidole amadandaula ndi zimene amazitcha Gold Plastic Syndrome: zidole zina za kumapeto kwa ma 1980 ndi m'ma 1990, za pulasitiki wonyezimira ngati golide, zimafumbutuka ngati bisiketi zikakalamba. ABS woyera nayenso amasanduka wachikasu akakhalitsa padzuwa, chifukwa kuwala kwa UV ndi mpweya wa oxygen zimawononga mamolekyu ake. Mwaonapo mpando wa pulasitiki umene wakhala panja zaka ziwiri, mmene umatuwira n'kuthyoka ukangoukhalira. Ndiye chidole chimene chakhala pabenchi yapamsika mwezi wonse wa Okutobala, padzuwa la kuno, chimafika kunyumba chitakalamba kale.

Kodi iima yokha?

Loboti ina zolumikizira zake zili bwinobwino, koma ukaiimika imagwa chagada. Vuto limakhala pamene wopanga anaika zotsalira za galimoto. Akasowa pobisa denga, zitseko ndi matayala, amangoziunjika kumsana kwa loboti ngati chikwama. Osonkhanitsa amazitcha kibble, ndipo amanyoza chidole chimene ndi loboti yongodzipinda m'kati mwa chigoba cha galimoto, ngati kamba. Kunyozako si kwa maonekedwe okha. Katundu wakumsanayo amakokera centre of gravity kumbuyo, ndipo lamulo mukulidziwa: mzere wotsika kuchokera pa centre of gravity ukatuluka kunja kwa malo amene mapazi aponda, chinthu chigwa.

Inu mukabereka chikwama chodzaza mabuku mumawerama pang'ono osaganiza n'komwe. Mayi wobereka mwana amachitanso chimodzimodzi. Loboti singadziwongole, ndiye wopanga wabwino amaiikira tizidendene totulukira kumbuyo kuti malo oponda akule, kapena amaika zolemera, monga zinki uja, kumapazi kuti centre of gravity itsike. Wopanga wanzeru kwambiri amapewa vutolo pachiyambi. Taonani Optimus Prime woyamba: mawindo a thiraki ndiwo chifuwa chake, ndipo mbali yakumbuyo yonyamula matayala ndiyo miyendo yake. Pafupifupi chilichonse chili ndi ntchito kuwiri konse. Kwa ine, ameneyo ndiye muyeso waukulu wa luso pa zidole zimenezi, kuposa kuchuluka kwa masitepe. Lamulo lomweli ndilo limachititsa kuti thiraki yopakira katundu wolemera pamwamba igudubuzike pakona pamene inzake yopakira pansi yadutsa bwinobwino.

Amisiri a galimoto za waya anazidziwa kale

Musaganize kuti nzeru zimenezi zili ku Tokyo kokha. Mnyamata wopanga galimoto ya waya kuseri kwa nyumba amakumana ndi mavuto omwewa. Akamakulunga waya mozungulira ekiselo, amadziwa kuti akathinitsa matayala sazungulira, akalekerera galimoto iyenda mwa dzandidzandi. Imeneyo ndi tolerance, yoyezedwa ndi zala. Amasankha waya wonenepa wa chimango ndi wofewa womangira, monga mmene fakitale imasankhira ABS ndi POM. Amakulunga mphira wa chubu cha njinga pamatayala kuti agwire pansi. Amadziwa kuti waya ukaupinda n'kuuwongola pamalo amodzi kangapo umatentha kenako n'kuduka. Ndipo chiwongolero chachitali chija, chokhotetsa matayala onse awiri akutsogolo nthawi imodzi, ndi makina enieni a zolumikizira zingapo. Luso limeneli linafika mpaka m'mabuku a kunja: mu 1990 Karen Lynn Williams, amene anakhalapo ku Malawi, anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wofunafuna mawaya oti apangire yake.

Galimoto ya waya ili ndi mwayi umodzi umene chidole cha pulasitiki chilibe: ikawonongeka, mwini wake amaikonza pompo. Cha pulasitiki chikathyoka pacholumikizira, guluu sathandiza kwenikweni, chifukwa pamalopo ndi pamene mphamvu zonse zimadutsa, ndipo POM sagwira guluu wamba.

Ngati mukufunabe kugulira mng'ono wanu cha pamsika, pemphani wogulitsa kuti muchigwire. Kwezani mkono n'kuusiya, muone ngati ukhala. Chigwedezeni pafupi ndi khutu. Cholira gwedegwede chili ndi mipata yopitirira. Yang'anani m'mizere ya chikombole ngati muli timapepala ta pulasitiki totsalira, chizindikiro chakuti chikombolecho sichitsekana bwino. Funafunani malo oyera pafupi ndi mahinji, ndipo onani ngati mahinjiwo ali ndi mapini achitsulo kapena ndi pulasitiki wongopinda. Kenako chiimikeni pabenchi. Chinthu china chofunika kuposa zonsezi: tizidutswa tothothoka timatsamwitsa ana. Oyesa zidole ku Europe ndi ku America amagwiritsa ntchito kachubu kotakata mamilimita 31.7, ndipo chilichonse cholowa chonse m'menemo sichiloledwa kwa mwana wosakwana zaka 3. Mkono wa loboti yathu ija ukanalowamo bwinobwino, ndipo panyumbapo pali khanda lokwawa. Chikakhala ndi timabatire tozungulira ngati batani, onetsetsani kuti pachitseko chake pali sikuluu, chifukwa mwana akameza kabatire koteroko kamawotcha kummero m'maola ochepa.

Yesani izi kumapeto a sabata

Pezani katoni yolimba, waya wofewa, zitsekerero za mabotolo ndi mphira wa chubu. Musayambe ndi kudula. Jambulani kaye thiraki papepala, kumbali kwake mujambule loboti, ndipo chidutswa chilichonse muchipatse nambala yofanana pazithunzi zonse ziwiri. Nambala ikapezeka pachithunzi chimodzi chokha, mwanama ngati a katuni aja, bwererani. Yambani ndi zidutswa 6 zokha: mutu wa thiraki ukhale chifuwa, mbali yakumbuyo igawike pawiri n'kutsika kukhala miyendo, manja atuluke m'mbali, mutu wa loboti upindikire m'kati.

Polumikiza, boolani makatoni awiri, ikani kachidutswa ka mphira pakati pawo, pyozani waya n'kuupinda mbali zonse. Mphirayo ndiye friction yanu. Pangani mapewa awiri mosiyana, lina ndi mphira lina lopanda, kenako kolekani timisomali kudzanja, umodziumodzi, mpaka mkono utagwa. Lembani chiwerengero cha misomali paphewa lililonse. Sunthirani misomaliyo pachigongono muyambirenso, muone ngati chiwerengero chiwirikiza monga mmene masamu a moment akunenera. Kumbukirani kuti mkonowo nawonso uli ndi kulemera kwake. Yesani kuganizira kuti kulemera kumeneko kukulowa bwanji m'masamuwo.

Pomaliza pezani centre of gravity monga mumachitira mu labu: pachikani chidolecho ndi ulusi pamalo amodzi, tsitsani ulusi wina womangirira kamwala kuchokera pomwepo, lembani mzere, kenako pachikani pamalo ena mulembenso. Pamene mizere yakumana ndi pomwepo. Chitani zimenezi chili thiraki, muchitenso chili loboti. Mass sinasinthe, koma mudzapeza kuti malowo asuntha. Loboti ikamagwa chagada, muli ndi njira ziwiri, kukulitsa mapazi kapena kumata mwala waung'ono kumiyendo. Yesani zonse, mulembe imene yasokoneza pang'ono maonekedwe a thiraki, ndipo Lolemba mubwere nacho kusukulu mukayerekeze ndi cha anzanu.